Woyera Ali ndi Matayala Anayi

Ine, amene kuntchito amanditchula Namakiyi chifukwa makiyi onse amalendewera m'chiuno mwanga, wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wokwatiwa, mayi wa ana awiri, wokhala m'nyumba za lendi kuseri kwa msika waukulu, wogulitsa magalimoto, ndabwera kupolisi kuno kudzadandaula za kumenyedwa ndi kuipitsiridwa mbiri. Palibe wandituma. Ndikupempha kuti mulembe mawu anga monga ndikuwanenera. Pamene ndanena kuti "uyu" musakonze kuti "iyi", chifukwa mlandu wonse wagona pamenepo.

Ndimagwira ntchito pa kampani yogulitsa magalimoto apamwamba, nyumba ya magalasi okhaokha ija ili mumsewu wopita ku bwalo la ndege. Sitigulitsa galimoto zoperekera ana kusukulu. Timagulitsa zija za mipando iwiri, zotsika pansi, zimene zikalira pamsewu anthu amatembenuka onse.

Abwana athu, eni kampani, ali ndi lamulo limene aliyense amauzidwa tsiku loyamba ntchito. Amati: "Mawu akuti galimoto musawatchule muno. Galimoto ndi minibasi. Munthu sangakhuthule thumba lake chifukwa cha chitsulo, koma chifukwa cha munthu amakhuthula. Muziti uyu, muziti ameneyu, muziti ndi wofatsa, muziti ndi waukali." Woiwala amadzudzulidwa pamaso pa anzake. Ine ndayankhula choncho zaka zisanu, mpaka lilime linazolowera. Ogula nawonso akabwera kawiri katatu amatengera kayankhulidwe komweko.

Mwezi watha tinalandira galimoto ziwiri zatsopano, ina yoyera, ina yakuda. Mwa lamulo la abwana tinkati woyera ndi wakuda. Woyera ndi wopepuka, injini yake ili kumbuyo kwa mipando, zitseko zake zimatsegukira m'mwamba, ndipo ukaponda pang'ono chabe msana umamatirira kumpando. Pabampu amafuna kumudutsitsa chammbali, apo ayi amakhula mimba pansi. Malo oika katundu alibe, mwina kachikwama ka m'manja. Wakuda ndi wolemera, mphuno yake ndi yaitali chifukwa injini ili kutsogolo, amamwa mafuta kwambiri, koma mipando yake ndi yofewa ndipo ungayende naye ulendo wautali osathyoka msana. Liwiro onse ali nalo loposa limene msewu uliwonse umalola.

Sabata yomweyo kunabwera bambo wina wa kampani ya malole onyamula katundu. Pantchito tinkawatchula Bambo Malole. Ndi aafupi, amimba, odzola mafuta onunkhira amene amatsala m'chipinda iwo atapita. Abwana anandipatsa ine kuti ndiwasamalire. Bambowo anazungulira woyera, anazungulira wakuda, n'kunena kuti agula mmodzi koma akufuna aganize kaye.

Anaganiza masabata atatu. Ankabwera pafupifupi tsiku lililonse chakumasana. Lero akuti woyera chifukwa anzawo a kumowa akamuona adzadzidzimuka. Mawa akuti wakuda chifukwa woyera akuwapweteka chiuno. Mkuja abwerera kwa woyera. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma wogulitsa sanena zimenezo kwa wogula. Ndinkatenga makiyi, ndinkakhala mpando wa pambali monga ntchito imafunira, iwo n'kumayendetsa mpaka pa mlatho wa njanji ndi kubwerera. Potuluka mwa woyera ankachita kugwira pansi ndi manja, ine n'kuyang'ana kumbali powapatsa ulemu. Paulendo wonsewo sitinaimepo pena paliponse, ndipo dzanja lawo silinandikhudzepo kupatula popatsana moni.

Tsiku lina tikubwerera anandiuza mawu awa, ndipo ndikuwakumbukira bwino: "Mayi, nkhaniyi akazi anga asamve. Malole aja ndi a malemu bambo awo, ine ndinangokwatiramo. Akamva kuti ndili ndi chibwenzi akwiya sabata imodzi, ndiwagulira chikwama, zatha. Koma akamva kuti ndagula wa mipando iwiri pamene malole akufuna matayala, andilanda ofesi ndi makiyi omwe." Ndinaseka, chifukwa wogulitsa amaseka nthabwala za wogula ngakhale zosaseketsa. Sindinadziwe kuti bambowo sankacheza.

Ankanditumiziranso mauthenga a mawu pafoni ya ntchito. Onse alimo mufoni imene ndakupatsaniyi. Wina akuti: "Woyera uja sakundigonetsa tulo." Wina akuti: "Wakudayu ndi wolemera, amamwa kwambiri, ndatopa naye kale ndisanayambe." Wina akuti: "Ndaganiza, woyerayo ndimutenga ndithu, koma kunyumba asadziwe." Ine ndinkayankha kuti: "Woyera akukudikirani, bambo, koma musachedwe, pali enanso akumufuna." Umo ndi mmene tinaphunzitsidwira kuyankha.

Apa ndinene chimene aliyense akuchiona. Ine ndine woyera khungu. Ndinabadwa choncho, sindidzola kanthu. Akazi a Bambo Malole, amene panthawiyo ndinali ndisanawaonepo, ndi akuda, aatali, a thupi.

Lachinayi la sabata yatha, m'mawa, foni ya ntchito inalira pa nambala yosadziwika. Anali mawu a mayi. Sanapereke moni. Anangoti: "Ndikufuna woyera."

Ine ndinayesa ndi wogula watsopano. Ndinati: "Woyera alipo, amayi, koma pali bambo wina wamukonda kale. Amabwera kudzamuona tsiku lililonse."

Iwo anati: "Tsiku lililonse?"

Ndinati: "Ee, amayi, ndipo leronso masana abwera kudzayenda naye."

Anafunsa kuti tili pati. Ndinawalongosolera njira ndekha, ndi pakamwa panga, mpaka kuwauza kuti akafika pa malo omwetsera mafuta akhotere kumanja. Ndinawathokozanso chifukwa choimba.

Masana Bambo Malole anabwera, anapempha kuyesanso woyera komaliza. Tinapita pa mlatho paja n'kubwerera. Tikulowa pabwalo ndinaona mayi wamtali ataima pakhomo la magalasi, chikwama chili m'khwapa, manja ali m'chiuno. Bambo Malole anazimitsa injini n'kunena motsitsa kuti: "Mayo ine." Sanatsegule chitseko chawo. Ine ndinatsegula changa n'kutuluka kuti ndikalandire mlendo.

Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anati: "Ndiwe woyera uja?" Ndisanayankhe anandimenya mbama kutsaya lamanzere. Anandigwira bulauzi pakhosi, mabatani anagwa pansi. Anakoka ndolo yanga ya kumanja mpaka khutu linang'ambika, magazi anatsikira m'khosi. Kuchipatala anandisoka, ndipo kalata yake ndapereka pa kauntala. Pomenyapo ankati: "Wakuda ndi wolemera eti? Wakuda amamwa kwambiri eti? Ndamva zonse mufoni mwake, hule iwe!"

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti ndi akazi awo, ndiponso chimene anamva. Ndinakuwa kuti: "Amayi, woyera amene amanena ndi uyu!" Ndinkaloza kumbuyo kwanga, koma dzanja lina linali litagwira bulauzi pachifuwa. Iwo anatembenukira kwa anthu amene anali atayamba kusonkhana n'kunena kuti: "Mwamva? Akuvomera yekha." Lilime la zaka zisanu lija linandipereka. Kenako ndinanena mawu amene sindinawatchulepo pabwalo limenelo chiyambire ntchito. Ndinati: "Ndi galimoto, amayi! Amuna anu akufuna kugula galimoto!"

Mayiwo anandisiya. Anayang'ana galimotoyo, anayang'ana amuna awo amene anali atatuluka chokwawa n'kuima pambali pa tayala. Mawu awo anatsika. Anati: "Galimoto? Bambo, mukugula galimoto? Ndi ndalama ziti? Zija munati ndi za matayala a malole a bambo anga?"

Analipo abwana athu, amakaniko athu, mlonda wa pageti, anzanga awiri ogulitsa, ndi anthu odutsa amene ena anali akujambula ndi mafoni. Ine ndinaima pakati, khutu likudontha. Ndinati: "Bambo, auzeni."

Bambo Malole anayang'ana galimoto, anayang'ana akazi awo, anandiyang'ana ine. Munthu amene analephera kusankha pakati pa galimoto ziwiri masabata atatu athunthu, apa sanachedwe. Anagwada pa simenti ndi suti yawo, anakweza manja, n'kunena mokweza kuti aliyense amve: "Ayi, mayi, galimoto ya chiyani ine? Ndalakwa. Ndi satana. Mtsikanayu ndi amene amandiimbira, amanditenga n'kumandiyendetsa m'galimoto za abwana ake. Ndikhululukireni, sindidzabwerezanso."

Lembani kuti anati mtsikanayu. Ine mayi wa ana awiri, wa mphete pachala, amene masabata atatu ankanditchula kuti mayi. Lembaninso kuti ndakwiya, chifukwa ndakwiyadi, ndipo mbama ija si imene ikundiwawa.

Abwana athu anamva zonse ali chiimire pakhomo. Iwo ndi amene anandipatsa wogulayo. Iwo ndi amene anakhazikitsa lamulo la uyu ndi ameneyu. Akanangotsegula pakamwa n'kunena kuti bambowa ndi kasitomala, nkhani ikanathera pomwepo. M'malo mwake anadzutsa Bambo Malole, anawasasa fumbi m'mawondo, n'kulowetsa banjalo mu ofesi mwawo momwe muli mpweya wozizira, n'kuitanitsa tiyi. Atatuluka anabwera kwa ine n'kunena kuti: "Mayi, kapumuleni kaye mpaka fumbi litsike." Anatambasula dzanja, ndinamasula makiyi m'chiuno n'kuwapatsa. Amakaniko ndi amene anandipatsa kansalu kogwirira khutu n'kundiimitsira takisi.

Kanema anafika kunyumba ine ndisanafike. Amuna anga, amene amakonza zamagetsi m'nyumba za anthu, anali atamuonera kale pafoni ya mnzawo wa kuntchito. Ndinawapeza atakhala pa mpando, nsapato za ntchito osavula. Ndinawafotokozera zonse monga ndafotokozera pano. Kuti akhulupirire ndinawapatsa foni ya ntchito kuti amvere okha mauthenga aja. Kumeneko kunali kudzikumbira dzenje. Anamvera wina ndi wina mpaka womaliza, n'kundifunsa kuti: "Amake mwana, mawu akuti galimoto ali pati?" Tinafufuza limodzi. M'mauthenga onse a masabata atatu, awo ndi anga omwe, mawu amenewo mulibe ngakhale kamodzi. Muli "woyera akukudikirani, bambo," m'mawu anga enieni, ndikuseka.

Mawa lake amuna anga anapita okha kukasuzumira pagalasi la kuntchito kwathu. Atabwera anati: "Ndaiona. Yoyera ilipo, yakuda ilipo. Koma tandiuza, mwamuna wamkulu ngati uja angagwade pagulu kuvomera tchimo limene sanachite? Ine ndine mwamuna, ndikudziwa. Timakana ngakhale zimene tachitadi." Ndinawauza za malole a apongozi a bambowo ndi nthabwala ya chikwama. Anapukusa mutu. Analongedza zovala za ntchito ndi zida zawo, anati akukakhala kaye kwa achimwene awo kuti mutu uzizire. Mpaka lero sanabwere. Amaimba kufunsa za ana basi.

Mwana wanga wamkazi, wa sitandade sikisi, anabwera kuchokera kusukulu Lolemba atang'amba malaya. Anamenyana ndi mnzake amene anamutchula kuti mwana wa woyera. Anandifunsa ngati n'zoona kuti ndili ndi bambo wina wa mimba. Apongozi anga aakazi anaimba foni, sanafunse za khutu, anangoti iwo anakayikira kalekale ntchito yokwera m'galimoto ndi amuna a eni. Pampopi anzanga oyandikana nawo nyumba amasiya nkhani ndikafika.

Ndinawaimbira Bambo Malole. Anayankha monong'ona. Ndinati: "Bambo, banja langa likutha chifukwa cha bodza lanu. Imbirani amuna anga muwauze zoona." Iwo anati: "Mayi, mphepo imeneyi idutsa. Inu akazi anga simukuwadziwa. Ndikanavomera za uja bwenzi pano ndikugona m'lole. Nditumizireni nambala yanu yeniyeni ndikuponyereni kenakake ka sopo." Ndinawauza kuti sopo wawo asambe okha, n'kudula foni.

Ndinawaimbiranso abwana athu kuwapempha kuti ayankhule ndi amuna anga. Anati za m'banja mwa kasitomala salowerera, kasitomala salakwa, ndipo malonda aja sanafe, ndisawaononge. Nditatchula za polisi anati: "Mukapita kumeneko, kuno musabwerenso." Anzanga ogulitsa aja foni zanga sakuyankha. Sindikuwada, nawonso ali ndi ana. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Dzulo chakumasana ndinapita kukatenga nsapato zanga ndi kapu yanga zimene zinatsala m'kabati. Mlonda anati wauzidwa kuti asandilowetse m'nyumbamo, ndidikire panja andibweretsere. Ndinaima pafupi ndi chitseko cha magalasi, chimene chinali chotsegula. Zimene ndikunena tsopano ndinaziona ndi maso anga ndipo ndinazimva ndi khutu langa losokedwali.

Wakuda anali atamukokera pakati pa chipinda, atamumanga riboni yofiira paboneti. Bambo Malole analipo, akazi awo analipo atavala zatsopano, abwana athu analipo ndi anzanga onse atandanda. Akazi awo ndi amene anasaina mapepala pa tebulo langa, ndi cholembera changa. Kenako Bambo Malole anatenga kiyi, anagwadanso, koma ulendo uno pa kapeti, n'kunena kuti: "Mayi, kuti mudziwe kuti za woyera ndathana nazo, ndasankha wakuda. Wakuda ndiye wa m'nyumba." Anthu onse anaomba m'manja. Mayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti: "Mwachita bwino, bambo, mwaphunzira."

Anayesa kukhala ku chiwongolero, mawondo anakana, mpando uli pansi kwambiri. Anati: "Yendetsani inu, bambo." Bambo Malole analowa, analiza injini mpaka magalasi ananjenjemera, anatuluka pageti akumwetulira. Anadutsa pafupi kwambiri ndi pamene ndinaima, kapu yanga ili m'manja. Anandiona. Anakweza galasi.

Choncho galimoto imene ankaopa kuitchula aigula ndi dzanja la akazi awo omwe, ndipo woyendetsa ndi bambowo. Mayi apepesedwa. Abwana agulitsa. Amene walipira ndine.

Mwandifunsa kuti ndikudandaulira ndani. Amayi aja ayankhe za khutu langa ndi bulauzi yanga, chifukwa munthu samenya asanafunse. Koma iwo anamva zimene mkazi aliyense akanamva, ndipo nditatchula galimoto anandisiya n'kufunsa. Amene ndikumufuna kwenikweni ndi mwamuna wawo. Za sopo sindikufuna, ngakhale ntchito ija ndikudziwa kuti polowa pakhomo lanu lino ndaitaya. Ndikufuna aitanidwe pano, akhale pa benchi ili, akazi awo ali apa, amuna anga ali apo, abwana athu ali pomwepo. Muike foniyi patebulo, mutsegule uthenga uja wakuti "woyera uja sakundigonetsa tulo," ndipo mumufunse kuti woyerayo ali ndi miyendo kapena matayala. Ayankhe mawu amodzi okha, mokweza monga anakwezera pogwada paja.

Ngati mukufuna umboni wina, pitani mukaone nokha. Woyera akadali pawindo lakutsogolo. Sanakandike pena paliponse, amamupukuta m'mawa uliwonse ndi kansalu kofewa, ndipo mlonda salola munthu kumukhudza ndi chala. Woyera amene anang'ambidwa khutu ndi amene wakhala pamaso panuyu.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi, ndipo zimene sindinaone sindinanene. Mawuwa mwandiwerengera, ndi anga. Paliponse pamene mwalemba kuti galimoto, dulani mzere kunsi kwake kuti amuna anga akadzawerenga asavutike kufufuza.

Wodandaula: Namakiyi ............................

Wolemba: wapolisi wa pa kauntala ............................